Kumaliza sitenilesi ku Mzuzu: ECM, thanki ya asidi, burashi ya magetsi, phala kapena girayinda?

Aliyense wowotcherera sitenilesi mu Mzuzu muno amalidziwa dandaulo ili. Thanki ya mkaka kapena sinki ya kukhitchini imatuluka m'shopu ikunyezimira, mvula ikagwa milungu ingapo mwini wake n'kubwera ali wolusa chifukwa pamzere wowotcherera patuluka dzimbiri lofiira. Iye amati mwamugulitsa chitsulo chabodza. Nthawi zambiri chitsulocho chimakhala chenicheni, chimene chinalakwika ndi mamalizidwe a pamwamba pake, ndipo chinyezi cha mzinda uno sichichedwa kuulula.

Sitenilesi imakana dzimbiri chifukwa cha chromium, mtundu wina wa chitsulo, amene ali mkati mwake, wosachepera 10.5 peresenti. Mtundu wofala wa 304 uli ndi chromium pafupifupi 18 peresenti ndi nickel 8 peresenti, pomwe 316 adaiwonjezera molybdenum 2 mpaka 3 peresenti kuti izipirira mchere. Chromium akakhudzana ndi mpweya amapanga kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso, ndipo kakhunguko ndi kamene kamateteza chitsulo. Moto wowotcherera umakasokoneza. Mitundu ija yachikasu, yofiirira ndi yabuluu imene imatsala m'mbali mwa mzere ena amaiona ngati ulemu wa mmisiri, koma pansi pake chromium amakhala atachepa, ndiye dzimbiri limayambira pomwepo.

Zoyamba kudzifunsa musanasankhe

Choyamba ndi kusalala kumene ntchitoyo ikufuna. Kumayezedwa ndi nambala yotchedwa Ra, m'ma micron, ndipo micron imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000; nambalayi ikamachepa ndiye kuti pamwamba pakusalala kwambiri. Pa ziwiya zokhudza chakudya, malire amene mabungwe a 3-A ku America ndi EHEDG ku Ulaya amagwiritsa ntchito ndi Ra 0.8 kapena kutsika. Mzere wokandika wakuya kuposa apo umasunga mkaka wakale ndi tizilombo ngakhale mutsuke bwanji. Geti kapena chogwirira cha pamasitepe sichifuna zonsezi, chimangofuna kuti chisachite dzimbiri.

Chachiwiri ndi pamene dzanja lingafike. Kunja kwa thanki n'kosavuta, koma mkati mwa paipi yopindika kapena pamphambano pa mabowo awiri girayinda silowa. Chachitatu ndi kuchuluka: chinthu chimodzi lero china chosiyana mawa, kapena zinthu zofanana masauzande? Chachinayi, chimene ambiri amachikumbukira atagula kale makina, ndi magetsi amene muli nawo komanso kumene madzi oipa adzapite.

ECM yeniyeni

Tiyambe ndi njira imene ambirife sitidzagula, chifukwa ukaimvetsa, thanki ya asidi ndi burashi ya magetsi zimamveka zokha. ECM, chidule cha electrochemical machining, ndi kusema chitsulo ndi magetsi ndi madzi amchere. Chitsulo chosemedwa amachilumikiza ku waya wa pulasi, chida chokhala ndi maonekedwe amene mukufuna amachilumikiza ku mainasi, ndipo ziwirizi sizikhudzana. Pakati pake pamakhala mpata wosakwana milimita imodzi, ndipo madzi amchere amapopedwa mumpatamo mothamanga kwambiri, mamita makumi angapo pa sekondi. Magetsi ake ndi a DC, oyenda mbali imodzi ngati a batire, mavolti ochepa, kawirikawiri pakati pa 10 ndi 25, koma ma amp ndi mazana kapena masauzande. Chitsulo chimasungunukira m'madzimo pang'onopang'ono motsatira lamulo limene Michael Faraday adalemba m'zaka za m'ma 1830: chitsulo chochoka chimalingana ndi magetsi amene adutsa. Pa chitsulo wamba, ma amp 1,000 amachotsa pafupifupi ma cubic sentimita 2 pa mphindi. Kulimba kwa chitsulo kulibe nazo ntchito, chida sichitha, chitsulo sichipsa, ndipo m'mphepete simutsala timinga. N'chifukwa chake njirayi, imene kampani ya Anocut ku America idayamba kuigulitsa mu 1959, imagwiritsidwa ntchito popanga mapiko a mkati mwa injini za ndege, ndipo Philips imapangira timitu ta makina ometera ndevu.

Kusalala kwa ECM sikungobwera. Kumadalira zinthu zingapo zimene zimakokanakokana. Ma amp akachuluka pa kachigawo kalikonse, pamwamba pamatuluka posalala ndi powala. Akachepa, chitsulo chimadyeka mosankha, pena kwambiri pena pang'ono, n'kutuluka chokhakhala. Ichi ndicho chifukwa chake malo oipa kwambiri amakhala m'mbali, kumene magetsi osochera amafika ofooka n'kusiya timaenje. Amisiri amakuta m'mbali mwa chida ndi pulasitiki kapena utomoni kuti magetsi asatulukire kumeneko. Mtundu wa mchere nawo ndi nkhani. Mchere wathu wa m'ndiwo, sodium chloride, umadya msanga koma umadya ndi posafunika pomwe. Sodium nitrate amachedwerako, koma pamene magetsi afooka amalola kakhungu koteteza kupangika, ndiye miyeso imatuluka yolondola.

Kenako pali kayendedwe ka madzi. Pomwe madzi akudutsa mumpata amatenthera m'njira, amatenga matope a chitsulo ndi thovu la mpweya wa hydrogen. Kutentha kumachititsa kuti magetsi adutse mosavuta, thovu limawatchinga, ndiye polowera madzi ndi potulukira sipadyeka mofanana. Pamene madzi aima kapena azungulira pamatsala mizere yooneka ndi maso. Makina amakono amathana nazo podula magetsi n'kuwabwezera kambirimbiri pa sekondi, chida chikunjenjemera kuti madzi atsopano alowe pakati, ndipo mpata umatha kuchepetsedwa kufika ma micron makumi ochepa. Pamenepo chitsulo chimatuluka ngati kalilole.

*Mtengo.* Wokwera kotheratu, ndipo makinawo ndi chiyambi chabe. Chinthu chilichonse chatsopano chimafuna chida chakechake chimene chimayesedwa ndi kukonzedwa kangapo chisanayambe kutulutsa miyeso yolondola. Ma amp 1,000 pa mavolti 15 ndi makilowati 15, mapampu ndi choziziritsira madzi tisanawerengere.

*Kupezeka.* Opanga ake ndi makampani ngati EMAG ku Germany ndi PEMTec ku France. Kwa ife njira yanzeru ndi kutumiza chojambula kunja n'kulandira zinthu zopangidwa kale.

*Kusamalira.* Kusefa matope tsiku ndi tsiku, kuyeza kutentha kwa madziwo, pH (muyeso wa asidi) ndi mphamvu ya mchere. Nthunzi ya mchere imadya makina ena onse amene ali m'chipinda chimodzi.

*Zoopsa.* Madzi akasiya kuyenda bwino chida chikadali kutsika, ziwirizi zimakhudzana, moto umathetheka, chida ndi chinthu chomwe n'kuwonongeka. Kumene magetsi amathima osatsanzika, ili si vuto laling'ono. Posema sitenilesi m'madzimo mumatha kupangika hexavalent chromium, amene amayambitsa khansa.

Pano ndichenjeze anyamata amene aona pa YouTube munthu akuviika sitenilesi m'ndowa ya madzi amchere atalumikiza chaja ya batire. Imeneyo si ECM. Popanda mpata woyezedwa ndi madzi othamanga mupeza timaenje tokhatokha, madzi achikasu a chromium woopsa uja, ndipo mukhoza kupuma mpweya wa chlorine.

Thanki ya asidi ndi magetsi

Iyi ndi imene amati electropolishing, yomwe Pierre Jacquet wa ku France adaitchukitsa m'zaka za m'ma 1930. Malumikizidwe ndi omwe aja, chinthu ku pulasi, mapuleti a m'mbali mwa thanki ku mainasi, koma mpata ndi waukulu ndipo madzi ake ndi phosphoric acid wosakaniza ndi sulphuric acid, wotenthetsedwa madigiri 50 kapena kupitirirapo. Cholinga si kusema maonekedwe koma kuchotsa kachikopa ka ma micron 10 mpaka 40. Magetsi amaunjikana pa timitunda, ndiye timitunda timadyeka msanga kuposa tizigwa. Chitsulo wamba chimachoka msanga kuposa chromium, moti pamwamba pamatsala chromium wochuluka. Pa kukana dzimbiri, palibe njira ina pano yoiposa.

Koma ogulitsa sanena mokweza kuti thanki imangochepetsa kukhakhala, kawirikawiri ndi theka basi. Zili ngati mvula m'munda: imafafaniza timizere ta khasu koma siikwirira chigwembe. Mukaviika chinthu chokandidwa ndi disiki yokhakhala ya nambala 60, chidzatuluka chowala mizere yake ikuonekera bwino kuposa kale. Kuti mufike pa Ra 0.4 muyenera kulowa m'thanki muli kale pafupi ndi 0.8.

*Mtengo.* Werengani ma amp musanalote. Kachigawo ka masentimita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi kamafuna ma amp pakati pa 10 ndi 30. Chinthu cha theka la sikweya mita, pa ma amp 20 pa kachigawo kalikonse kotere, chikufuna ma amp 1,000. Ndiye kathanki ka timapaipi, mabawuti ndi zipangizo zing'onozing'ono n'kotheka, koma thanki yoti mulowe chiwiya cha mkaka cha malita mazana ikufuna magetsi a three phase ndi ndalama za fakitale.

*Kupezeka.* Thanki ya pulasitiki yolimba ndi zopachikira mukhoza kupanga konkuno. Chosinthira magetsi kukhala DC ndi asidi n'zoitanitsa, kudzera ku Songwe kuchokera ku Dar es Salaam kapena kuchokera ku Johannesburg, ndipo asidi ndi katundu woopsa amene amayenda ndi mapepala ake, si wokweza pa basi. Asidi wa m'mabatire a galimoto sangalowe m'malo, ngwosungunulidwa kwambiri ndi madzi. Makina owotcherera nawonso si chosinthira magetsi cha ntchitoyi: akakhala osagwira ntchito mavolti ake amakwera kupitirira 50, inu manja ali onyowa.

*Kusamalira.* Apa Mzuzu ali ndi vuto lakelake. Asidi ameneyu amayamwa madzi a mumpweya, ndipo thanki yosiyidwa yosavindikira nyengo ya mvula imasungunuka yokha, zinthu n'kuyamba kutuluka zotuwa ndi zodyeka m'malo mowala. Vindikirani, ndipo muziyeza kulemera kwa madziwo. Kuyenera kukhala cha m'ma 1.7 poyerekeza ndi madzi wamba amene ali 1, choncho kachoyezera ka mabatire kamene kamathera pa 1.3 sikakuthandizani. Chitsulo chosungunuka chikachuluka mumachotsako gawo la asidi n'kuthiramo watsopano. Chinthu chizilowa chopanda mafuta ngakhale chidindo cha chala, chizigwidwa molimba pa chopachikira kuti pasapse, ndipo muzichigwedeza kuti thovu lisasiye mizere yokwera m'mwamba.

*Zoopsa.* Asidi wotentha, hydrogen amene amayaka akaunjikana pansi pa denga, ndi madzi otsukira odzaza chromium ndi nickel. Sitenilesi ya 303, imene ili ndi sulphur kuti isavute posema pa makina a lathe, imatuluka ndi timaenje.

Burashi ya magetsi

Kwa shopu wamba, iyi ndiyo ndingaiyike patsogolo. Ndi kabokosi konyamula m'manja, waya umodzi mumapana pa chinthu, winawo uli ndi burashi ya ulusi wa carbon imene mumaviika m'madzi a phosphoric acid wosalimba kwambiri. Mukaikhudzitsa pa mzere wa TIG, kuwotcherera kogwiritsa ntchito mpweya wa argon kosasiya makoko, imalira tsiii, kanthunzi kamakwera, ndipo buluu uja amachoka pomwepo burashi ikamadutsa, kumbuyo kukutsala chitsulo choyera. Pa AC, magetsi osinthasintha mbali ngati a m'nyumba, imatsuka, pa DC imawalitsa pang'ono. Kakhungu koteteza kamabwerera nthawi yomweyo.

*Mtengo.* Kabokosiko n'kodula poyerekeza ndi girayinda, koma kamagulidwa kamodzi. Chimene chimadya ndalama mwakachetechete ndi maburashi ndi madzi ake, zonse zogula ndi ndalama zakunja. Amene adaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 safunika kuuzidwa kuti mtengo wa lero si wa chaka chamawa. Musanagule funsani ngati makinawo amalola madzi ndi maburashi a kampani ina.

*Kupezeka.* N'zoitanitsa. Mayina odziwika ndi monga TIG Brush, Cougartron ndi Surfox, ndipo palinso otsika mtengo ochokera ku China. Ubwino wake amayenda pa soketi wamba ya mavolti 230, ndipo jenereta yaing'ono imawakwanitsa magetsi akathima.

*Kusamalira.* Tsukani burashi ndi zopanira mukaweruka, apo ayi asidi amadya polumikizira. Pa chinthucho thirani mankhwala ophera asidi, tsukani ndi madzi oyera n'kupukuta. Mukachita ulesi, mawa mupeza mawanga oyera amene kasitomala adzawaona asanaone china chilichonse.

*Zoopsa.* Zochepa kuposa za thanki ndi phala la asidi, komabe magolovesi, magalasi ndi mpweya wodutsa n'zofunika. Malire ake ndi awa: sichotsa zokanda, sichotsa timadontho ta chitsulo chothetheka, ndipo pa mzere wowotcherera ndi ndodo wamba wokhala ndi makoko okhuthala imavutika. Imakondana ndi TIG yaukhondo.

Phala la asidi

Limene amati pickling paste. Mumapaka ndi burashi pa mzere, n'kudikira kuyambira mphindi 15 mpaka ola lathunthu, n'kutsuka. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi limachedwa kugwira. Limachotsa mitundu ya moto pamodzi ndi kachikopa kosowa chromium kali pansi pake, ngakhale pa mzere wokhuthala umene burashi yalephera. Silisalaza, limasiya potuwa, ndipo mukaliiwalira limadya mopitirira n'kusiya chigamba chooneka.

*Mtengo* ndi wotsika, palibe makina, palibe magetsi, ndipo ichi ndicho chimakopa. *Kupezeka* kwake ndi kwa ogulitsa zipangizo zowotcherera, nthawi zambiri poitanitsa. *Kusamalira* ndi kusunga chitini chotseka, pamthunzi, pokiyidwa.

*Zoopsa* ndiye nkhani yonse. Muli nitric acid ndi hydrofluoric acid. Wachiwiriyu akagwera pakhungu mwina simumva kuwawa nthawi yomweyo, amalowa mwakachetechete n'kukamanga calcium wa m'thupi, ululu n'kudzabwera patapita maola, ndipo akakhudza malo aakulu amatha kuimitsa mtima. Mankhwala ake oyamba ndi kutsuka ndi madzi ambiri n'kupaka calcium gluconate gel wa 2.5 peresenti, kenako kuchipatala msanga. Achimwene, ngati mankhwala amenewa mulibe m'shopu, chitinicho musatsegule, ndipo musapatse mwana wophunzira ntchito wovala masilipasi kuti akapake kuseri. Madzi otsukira muwasonkhanitse n'kuthiramo laimu. Ngalande za mu Luwinga, Chibavi ndi Masasa zimathera m'madambo momwe anthu amalima ndiwo zamasamba ndi kukumba zitsime, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017, limene lidakhazikitsa bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, silisiyanitsa fakitale ndi shopu ya pansi pa mtengo pa nkhani yotaya zoopsa.

Ena amafunsa za citric acid. Ngwabwino ndipo ngwofatsa, 4 mpaka 10 peresenti m'madzi ofunda amachotsa tizitsulo wamba tomatirira pamwamba. Koma mitundu ya moto saichotsa. Amabwera pambuyo pa girayinda, osati m'malo mwake.

Girayinda ndi sandipepala

Aliyense ali nazo, ndipo n'zokhazo zimene zimachotsadi chitsulo chochuluka: kutsitsa mzere wotumphuka, kufafaniza zokanda zakuya. Kusalala kwenikweni kumapangidwa pano, njira za magetsi zimangomalizitsa. Yambani ndi nambala yokhakhala ya 60 kapena 80, pitani pa 120, kenako 180 kapena 240, osadumpha, ndipo posintha nambala sinthaninso mbali yokwechera kuti muone ngati mizere yakale yatha. Cha pa 150 mpaka 180 ndi pamene Ra 0.8 imayamba kufikika.

*Mtengo* ndi wochepa pa zipangizo koma wochuluka pa nthawi ya munthu. *Kupezeka*, m'mashopu a hardware m'tauni, ngakhale manambala osalala amavutirako kuposa okhakhala. *Kusamalira* kwake ndi mwambo umodzi umene mashopu ambiri amauphwanya: disiki kapena burashi ya waya imene yakhudza chitsulo wamba isakhudzenso sitenilesi. Imadzala tizidutswa ta chitsulo m'menemo, ndipo dzimbiri lofiira lija nthawi zambiri ndi timeneti. Gulani madisiki olembedwa INOX, asungeni m'bokosi lawolawo, ndipo wina akamadula ma angle iron pafupi phimbani sitenilesi, chifukwa nthethe zake zimachita chimodzimodzi. *Zoopsa* ndi maso, fumbi m'mapapo, disiki yosweka, komanso kukanikiza kwambiri mpaka chitsulo kusanduka buluu, kumene ndi kubwezeretsa vuto lomwe mumachotsa.

Musanapereke katundu, muyeseni motchipa. Kutani chinthucho ndi nsalu yoyera yonyowa ndi madzi aukhondo usiku wonse. Ngati pali chitsulo wamba chomatirira, m'mawa mupeza timadontho tofiira. Pa kusalala, pititsani thonje pamzere: likakodwa, mkaka nawonso udzakodwa. Izi sizilowa m'malo mwa makina oyezera Ra pamene wogula akufuna nambala yolembedwa.

Ndani atenge iti

Wopanga mageti, zogwirira, matebulo a m'khitchini ndi masinki: girayinda yokhala ndi madisiki akeake, kenako burashi ya magetsi pa mizere. Ngati ndalama ya burashi sinakwane, kwechani mpaka mitundu yonse ya moto itachoka n'kumalizira ndi citric acid.

Wokonza ziwiya za magulu a alimi a mkaka, zosefera uchi kapena mbali za makina a khofi ndi madzi a zipatso: vuto lalikulu lili mkati, ndiye liyambireni pa kuwotcherera. Gwiritsani TIG, dzazani argon mkati mwa paipi kuti kuseri kwa mzere kusapse, kwechani kufika 180 kapena 240 paliponse pofika chakudya, n'kutsuka ndi burashi. Tizipangizo ting'onoting'ono tovuta kufikira, monga zolumikizira mapaipi, ndi timene tingapindule ndi thanki ya asidi, ndipo thanki yotere ikuyenera kukhala imodzi yotumikira mashopu angapo, pamalo okhala ndi simenti pansi ndi potolera madzi oipa, osati aliyense yake kuseri kwa nyumba.

Amene mwapeza ntchito yaikulu ya mapuleti okhuthala owotcherera ndi ndodo, kumalo kopanda magetsi odalirika monga m'minda ya tiyi ndi khofi kunja kwa mzinda: phala la asidi lili ndi malo ake, koma lilowe mu kotesheni pamodzi ndi zovala zodzitetezera, calcium gluconate, laimu ndi migolo yotolera madzi. Bwana akakana kulipira zimenezo, kwechani ndi girayinda.

Amene mukufuna zinthu zofanana masauzande, za chitsulo cholimba kwambiri kapena zokhala ndi mabowo okumana mkati amene timinga take sitingafikidwe, ndinu nokha amene ECM ikukukhudzani. Tumizani chojambula kwa kampani yokhala ndi makinawo, lembanipo mtundu wa chitsulo, Ra imene mukufuna ndi malo enieni oyezera, kuphatikizapo m'mbali mmene magetsi osochera amasiya timaenje, ndipo muwauze atumize zitsanzo zochepa ndi lipoti la miyeso musanalipire katundu yense.